Filimu ya umphawi imathandiza ndani? Yankho kwa mlongo wa ku Chawama

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chawama amene amasoka zovala pafupi ndi msika. Wandilola kuyankha pano poyera, bola ndisatchule dzina lake. Mlongo wake wamng'ono, mnyamata amene anamaliza giredi 12 koma ntchito sanaipezebe, wakhala akudziphunzitsa kujambula mafilimu pa foni. Tsopano akufuna kujambula filimu yonena za agogo ena amene amakhala okha m'kachipinda kuseri kwa nyumba yawo, ogulitsa malasha a m'timapulasitiki pakhomo. Pofuna kuti mayiyu amvetse chimene akulinga, mnyamatayo anamuonetsa filimu yakale ya ku Italy yonena za mdala wosauka wokhala yekha, yotchedwa Umberto D. Mayiyu akuti usiku umenewo anagona mtima ukuwawa, ndipo akufunsa: filimu yotere ili ndi phindu lanji kwa munthu amene umphawi amauona ndi maso ake tsiku ndi tsiku? Kodi si kudzichotsera ulemu kuonetsa anthu akunja usiwa wathu? Nanga mnyamatayu amuletse?

Mlongo wanga, zikomo kwambiri polemba. Musamuletse. Koma musamusiyenso yekha ndi foni yakeyo, chifukwa mantha anuwo ali ndi maziko ndipo ndifikapo.

Ndiyambe ndi kutopa kwanu. Munthu amene wakhala pa makina osokera kuyambira m'mawa, magetsi akuthimathima, makasitomala akumukalipira, ali ndi ufulu wofika kunyumba n'kuonera sewero loseketsa kapena filimu ya ku Nigeria ya nyumba zosanja ndi magalimoto onyezimira. Palibe cholakwika pamenepo. Ngakhale anthu a ku Italy eniakewo, Umberto D. itatuluka mu 1952 sanakhamukire kukaionera. Inalephera pamalonda, chifukwa anthu ankafuna zoseketsa ndi za ku America.

Mafilimu a mtundu umenewu anakula nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha mu 1945. Dziko la Italy linali litaphwasuka, ntchito kunalibe, ndipo Cinecittà, malo aakulu ojambulirako mafilimu ku Rome, anali atasanduka msasa wa anthu othawa nkhondo. Okonza mafilimu monga Roberto Rossellini ndi Vittorio De Sica anatulutsa makamera awo kupita nawo mumsewu, kumsika ndi m'nyumba za lendi, ndipo kawirikawiri ankatenga anthu wamba kuti asewere. Yotchuka kwambiri ndi Ladri di biciclette ya mu 1948, imene ambiri amaidziwa ndi dzina lakuti Bicycle Thieves, yolembedwa ndi De Sica pamodzi ndi Cesare Zavattini. Bambo wosowa ntchito wapeza mwayi womata mapepala a malonda m'makoma, koma ntchitoyo ikufuna njinga, ndipo njinga yake ili pa pinyolo. Mkazi wake akuchotsa nsalu zoyala pabedi n'kukazipinyolitsa kuti aombole njingayo. Pamenepo kamera ikutsatira kalaliki amene akukwera ndi mtolo wa nsaluzo pa mashelefu ataliatali, odzaza mpaka kudenga ndi mitolo ya mabanja ena. Palibe amene akukamba za chuma cha dziko, koma woonera wamva kale kuti banja limeneli ndi limodzi mwa ambirimbiri. Tsiku loyamba la ntchito njinga ikubedwa. Apolisi akulemba m'buku n'kumuuza kuti akaisake yekha, ndipo filimu yonse yotsala ndi bamboyo ndi kamwana kake akuzungulira mzinda. Mkulu wina wa malonda a mafilimu ku America, David O. Selznick, anafuna kupereka ndalama bola gawo la bamboyo alitenge Cary Grant. De Sica anakana, nasankha Lamberto Maggiorani, wogwira ntchito m'fakitale amene anali asanaseweremo m'filimu iliyonse.

Imene munaonera inuyo, Umberto D. ya De Sica yemweyo, ndi imene ine ndimaiyesa yozama kuposa zonse. Mdala uja anagwira ntchito m'boma zaka 30. Amene anasewera gawo lake, Carlo Battisti, sanali wazisudzo; anali mphunzitsi wa zinenero pa yunivesite ya ku Florence. Taonani mmene anamuvekera: suti, tayi ndi chipewa. Mukakumana naye pamsewu simungaganize kuti akuvutika. Penshoni yake sikukwana lendi, mwininyumba akufuna kumutulutsa, iye akugulitsa wotchi ndi mabuku ake mwakachetechete, mpaka akukagona m'chipatala kuti adyeko ulere masiku angapo. Ndikukhulupirira kuti panakupwetekani kwambiri ndi paja waima pamsewu kuyesa kupempha. Akutambasula dzanja, munthu wodutsa akupisa m'thumba, iye n'kutembenuza dzanjalo msanga ngati akungofuna kumva ngati kukugwa mvula. Kenako akupatsa galu wake Flike chipewa kuti alume, iye n'kubisala kuseri kwa chipilala, ndipo munthu womudziwa atatulukira akunamizira kuti galuyo akungosewera. Anzake akale amamupatsa moni waulemu, koma akangomva kafungo ka vuto la ndalama maso amapita ku basi yawo. Amene amalankhula naye ngati munthu ndi mtsikana wantchito wa m'nyumbamo yekha, amenenso ali ndi pakati, sakudziwa bwino mwini mimbayo pa asilikali awiri, ndipo akudziwa kuti madamu akazindikira amuchotsa ntchito. Pali gawo lina pamene mtsikanayu wadzuka m'mamawa. Akuyatsa moto, akupera khofi, akutambasula mwendo kuti akankhe chitseko ndi phazi, misozi ili m'maso. Palibenso china chikuchitika. Okonza mafilimu ambiri akadalidula gawo limenelo, koma De Sica analisiya lonse, kuti tikhale naye mtsikanayo pa nthawi imene palibe aliyense amakhala naye.

Njala mumaidziwa kale, ndipo palibe filimu ingakuphunzitseni mtengo wa pamela. Chimene chinakugonetsani ndi mtima wowawa n'chakuti mdala uja anali pakati pa anthu ambirimbiri koma analibe woti amuuze kuti zinthu zavuta. Mafilimu abwino a mtundu umenewu, kulikonse kumene anapangidwa, nkhani yawo yaikulu ndi imeneyo: mmene kusowa kumamudulira munthu kwa anzake pang'onopang'ono, iye akupumabe.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ambiri kuno ku Lusaka. Tikamakambirana mafilimu amenewa, sipalephera wina wonena kuti izi ndi za azungu, ife tili ndi abale, tili ndi mpingo, kwathu munthu safa yekha. Timakonda kunena kuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Mwambiwo ndi woona, koma taubwerezabwereza mpaka watitseka m'maso. Agogo a kuseri kwa nyumba yanuwo akhala okha zaka zingati? Ndani akudziwa ngati dzulo anaika poto pa mbaula? Tsiku limene adzamwalire tenti idzaimikidwa, amayi adzagona pamaliro, kwaya idzaimba usiku wonse, ndalama ya bokosi ndi ya basi yopita kumanda idzapezeka. Anthu amene adzadzaze pakhomo tsiku limenelo ndi omwewo amene lero akudutsapo mofulumira. Sindikunena izi monyoza, chifukwa maliro athu ndi chinthu chamtengo wapatali. Koma tili ndi dongosolo lonse la munthu wakufa, pamene la munthu wamoyo amene akuzimiririka tilibe.

Kusungulumwa kwa m'komboni kuli ndi njira yake, yosiyana ndi ya ku Rome. Kuno makoma ndi opyapyala, mpopi ndi umodzi, chimbudzi n'chogawana, moti munthu sasowa omuona. Amasowa malo pakati pa anzake. Ubale wa m'tauni umayenda ndi kubwezerana. Uli m'chilimba chifukwa mwezi uliwonse umaponya. Umaitanidwa ku kitchen party chifukwa udzabwera ndi mphatso. Pamaliro dzina lako limalembedwa m'kabuku ka zopereka. Ukalephera kamodzi anthu amamvetsa, koma zikapitirira umayamba wekha kuzemba. Ngongole ya pa kantemba imakusinthitsa njira yopita kumpopi. Wa kaloba akayamba kufika pakhomo, umadzitsekera m'nyumba masana. Kutchalitchi umasiya kupita chifukwa yunifomu ya chigwirizano yatha ndipo mbale ya chopereka imadutsa pamaso pa onse. Palibe amene wakuthamangitsa, manyazi ndiwo agwira ntchito yonse. Kwa okalamba onjezanipo mbiri ya dziko lino. Edzi ya m'zaka za m'ma 1990 inatenga ana amene akadawasunga. Makampani a boma atagulitsidwa m'zaka zomwezo anthu ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo ena anadikira ndalama zawo mpaka imvi. Kumudzi kumene akadabwerera anachokako kalekale, moti munda uja akulima ena. Boma lili ndi ndondomeko yopereka ndalama kwa ovutikitsitsa, imene inayambira ku Kalomo mu 2003, ndipo kumene imafika imathandizadi, koma ndalama sigogoda pachitseko kufunsa kuti mwadzuka bwanji.

Zoterezi nyuzipepala singazilembe bwino, chifukwa palibe tsiku limodzi limene zinachitika. Filimu imatha, popeza imadziwa kudikira. Ikhoza kutionetsa mayi ataima pakona ndi chigubu, akudikira kuti wa kantemba alowe mkati kuti iye adutse, ndipo aliyense wokhala m'komboni amva zonse popanda liwu limodzi.

Pali chinanso chathu chimene De Sica sanakumane nacho. Nkhalamba ikakhala yokha nthawi yaitali, yosauka, pena n'kumalankhula yokha, anthu amayamba kunong'onezana za ufiti, ndipo m'dziko muno okalamba amenyedwapo ndi kuphedwa chifukwa cha manong'onong'o otere. Rungano Nyoni, amene anabadwira kuno ku Lusaka n'kukulira ku Wales, anaigwira nkhani ya kunenerana ufiti mu I Am Not a Witch ya mu 2017. Filimu yake sitsata ndendende njira ya a ku Italy aja. Ili ndi nthabwala zowawa ndi zinthu zongopeka, monga maliboni oyera ataliatali amene amamangira amayi onenedwa ufiti kuti asauluke. Koma pakati pake pali kamtsikana kosalankhulalankhula, kopanda wokaimira, kamene mkulu wa boma akukagwiritsa ntchito kupezera ndalama ndipo alendo akubwera kudzakajambula zithunzi. Asanalembe nkhaniyi, Nyoni anakakhala kumsasa wa amayi otere ku Ghana. Filimuyo inaonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, ndipo mu 2018 inapata mphoto ya BAFTA ya ku Britain. Mlongo wanu aionere, amve mmene zinenero zathu zimamvekera pa kanema wamkulu, ndiponso ayang'anitsitse alendo ojambula zithunzi aja n'kudzifunsa ngati sadzafanana nawo.

Mayiko olemera nawonso amadzijambula chonchi. Ken Loach mu I, Daniel Blake ya mu 2016 akuonetsa kalipentala wa ku Newcastle amene mkazi wake anamwalira, wadwala mtima, dokotala wamuletsa ntchito, boma likuti ali bwinobwino, ndipo mafomu onse ali pa kompyuta imene iye sadziwa kugwiritsa ntchito. Hirokazu Kore-eda mu Nobody Knows ya mu 2004 akuonetsa ana anayi amene mayi awo anawasiya m'nyumba ya lendi ku Tokyo, miyezi n'kumapita aneba osazindikira, ndipo nkhaniyo inachokera pa zimene zinachitikadi mu 1988. Ndiye si ife tokha amene usiwa wathu umaonekera pa kanema.

Funso lanu la manyazi lili ndi mbiri yaitali. Umberto D. itatuluka, Giulio Andreotti, amene panthawiyo ankayang'anira za mafilimu m'boma ndipo pambuyo pake anadzakhala nduna yaikulu ya Italy, analemba poyera kudzudzula De Sica kuti akuipitsa dzina la dziko kunja. Ku Mexico, Los olvidados ya Luis Buñuel, yonena za ana a m'misewu, inachotsedwa m'nyumba zoonetseramo mafilimu patangopita masiku ochepa mu 1950 anthu atakwiya nayo, ndipo inabwereranso itapata mphoto ku Cannes chaka chotsatira. Ine ndimaona kuti amene amafuula kwambiri za ulemu wa dziko kawirikawiri si amene amagona m'kachipinda kodontha. Inu simuli m'gulu limenelo. Nkhawa yanu ndi ulemu wa agogo eniakewo, ndipo imeneyo ndi nkhani yolemera kuposa dzina la dziko.

Filimu yogulitsa umphawi ilipodi. Ku Colombia, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Luis Ospina ndi Carlos Mayolo anatopa ndi anzawo amene ankajambula opemphapempha m'misewu kuti akatchukire ku Ulaya, mpaka anapanga filimu yowadzudzula, Agarrando pueblo, yoonetsa gulu la ojambula likusakasaka anthu ovutika ndi kamera. Ifenso tazionapo. Kolera itabuka mu 2017 ndi 2018, ndiponso kuyambira mu Okutobala 2023 mpaka bwalo la National Heroes linasanduka chipatala, makamera anadzaza ku Kanyama ndi m'makomboni ena: madzi osefukira, zinyalala, mwana wopanda nsapato. Uthenga wa matenda unayenera kufalitsidwa, pamenepo sinditsutsa. Koma zithunzi zambiri zinali za anthu opanda mayina, ndipo mvula itatha makamera anapita. Filimu yogulitsa umphawi sivuta kuizindikira, chifukwa imathamangira chilonda. Imafuna ntchentche, nsanza ndi misozi msangamsanga, imathira nyimbo yachisoni pamwamba kuti woonera alire, ndipo ukaitsiriza sudziwa kuti munthu uja amaseka ndi chiyani, amadana ndi ndani, anali ndani asanavutike. Woonera amatuluka akudzimva kuti ndi wachifundo, wojambulidwa uja n'kutsala ngati chitsanzo chabe.

Mphunzitsi amene ndingamulozere mlongo wanu ndi Ousmane Sembène wa ku Senegal. Anagwirapo ntchito yonyamula katundu padoko la Marseille, kenako anayamba kulemba mabuku, koma anaona kuti anthu ambiri amene ankawalembawo sangawerenge Chifalansa, choncho anakaphunzira za mafilimu ku Moscow. Borom Sarret ya mu 1963 ndi ya mphindi pafupifupi 20 basi. Ndi tsiku limodzi la bambo woyendetsa ngolo ya hatchi mu Dakar. Amanyamula anthu amene ena salipira, amanyamula bambo wopita kukaika mtembo wa kamwana kake, kandalama kamene wapeza amakapereka kwa woimba womutamandira makolo ake, kenako bwana wovala bwino amamunyengerera kuti amupititse kudera la olemera kumene ngolo n'zoletsedwa. Wapolisi amamulanda ngoloyo, iye n'kubwerera kunyumba wapansi, chimanjamanja. Aliyense amene anaonapo anyamata a mawilibala ku Soweto Market aizindikira nkhaniyi. Chimene ndimakonda n'chakuti Sembène sanamuyeretse bamboyo. Timamva maganizo a m'mutu mwake: amadandaula, amanyada, amaweruza anzake, pena amapusitsidwa ndi mawu okoma. Ndi munthu wathunthu, n'chifukwa chake kulandidwa kwa ngolo kumatipweteka. Mu La Noire de... ya mu 1966, mtsikana wa ku Dakar akutengedwa ndi mabwana ake achifalansa kupita ku Antibes, akuyembekeza kukalera ana ndi kuona dziko. Akupezeka wotsekeredwa m'nyumba, kuphika ndi kukolopa, wopanda wolankhula naye, mpaka akudzipha. Ndikaionera ndimaganiza za atsikana ochokera ku Katete, Petauke ndi Chadiza amene ali kuseri kwa mipanda yakumayadi lero lino, osadziwa njira ya ku Intercity, malipiro akuuzidwa kuti akuwasungira. Nkhani yawo ndi yoyenera filimu yakeyake.

Tsopano pali mbali imene okonda mafilimuwa sitikonda kuikamba, ndipo ndi imene ikukukhudzani kwambiri. Lamberto Maggiorani, nkhope yake itadziwika dziko lonse, anabwerera kufakitale ndipo posakhalitsa anachotsedwa ntchito, n'kuyamba kusaka maganyu ndi timagawo ting'onoting'ono m'mafilimu. Ku Brazil, Fernando Ramos da Silva, mwana wa m'banja losauka amene anasewera mu Pixote ya Héctor Babenco, anabwerera ku umphawi womwewo ndipo anaphedwa ndi apolisi mu 1987 ali ndi zaka 19. Mira Nair, atapanga Salaam Bombay! mu 1988 ndi ana enieni a m'misewu, anathandiza kukhazikitsa bungwe la Salaam Baalak Trust losamalira ana otere, ndipo likugwirabe ntchito mpaka lero. Filimu ikhoza kunena zoona zokhazokha pa kanema, koma n'kumusiya munthu wake pamalo oipa kuposa pamene inamupeza. Kwa agogo anuwo ngozi ili pafupi. Kanema akangolowa pa Facebook ndi pa WhatsApp, Chawama yense adzawadziwa kuti ndi agogo osauka aja. Ana adzawaloza. Achibale amene sanapondeko zaka zambiri adzakwiya kuti awachititsa manyazi. Ena adzaganiza kuti alandira ndalama za azungu n'kubwera kudzazifuna usiku.

N'chifukwa chake ndikulangiza kuti mlongo wanu asawajambule agogowo iwo eni. Mafilimu onse ndatchulawa ndi nkhani zolembedwa. De Sica ndi Zavattini ankayang'ana ndi kumvetsera, kenako n'kukhala pansi kulemba, ndipo ngakhale mvula ya mu Bicycle Thieves inathiridwa ndi mapaipi a ozimitsa moto. Choonadi chawo chinachokera m'kuyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali kamera isanabwere. Iyenso achite chimodzimodzi. Akhale ndi agogowo miyezi, foni ili m'thumba. Awatungire madzi, awanyamulire thumba la malasha kuchokera kumsika, amve mbiri yawo: anabwera liti mu Lusaka, amuna awo ankagwira kuti, ana ali kuti, nyimbo imene ankavina ali namwali ndi iti. Kenako alembe nkhani yopeka, asinthe dzina ndi komboni, apeze mayi wachikulire wa m'gulu la zisudzo lakutchalitchi amene akufuna yekha kusewera. Agogo auzidwe zonse momveka, m'chinenero chawo, kuphatikizapo kuti kanema akalowa pa intaneti sabwezeka. Filimu ikatha aione iwo poyamba, anthu ena asanaione. Ndipo ngati kudzapezeke kandalama, kaya ka mpikisano kaya ka bungwe, gawo lawo likambidwe pachiyambi pomwe pamaso pa mboni.

Pa kajambulidwe ndingomuuza zochepa. Asawaveke nsanza osewerawo. Osauka a mu Lusaka amachapa, amasita ndi ayironi ya malasha, amasesa pakhomo m'mawa uliwonse, ndipo khama limenelo lodzisungira ulemu ndilo nkhani yeniyeni. Asathire nyimbo yoliritsa. Phokoso la komboni likwanira: wailesi ya aneba, ana opita kusukulu, ang'wang'wazi akuitanira basi ya kutauni, mpingo ukuimba chapatali pamene mayi ali yekha m'nyumba. Ndalama yochepa imene ali nayo agulire maikolofoni asanaganize za kamera ina, chifukwa anthu amapirira chithunzi chosawala koma mawu osamveka amawathawa. Anthu alankhule monga amalankhulira pa Chawama, Chinyanja chosakanikirana ndi Chibemba ndi Chingerezi. Asakakamizenso mapeto osangalatsa. The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, yonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu ndi njala ya mu 2001 ndi 2002 ku Malawi, imatha ndi chipambano chifukwa ndi mmene zinamuyenderadi mnyamatayo. Koma ana ambiri amene anasiya sukulu m'njala imeneyo sanapange makina a mphepo, ndipo nawonso ndi oyenera kuonedwa. Agogo a m'nkhani yakeyo asawabweretsere mwana wotayika wochokera ku Johannesburg ndi galimoto kumapeto.

Mwafunsa za phindu. Sindingakulonjezeni kuti filimu imasintha malamulo. Zimachitika mwa apo ndi apo: Cathy Come Home ya Ken Loach, itaonetsedwa pa BBC mu 1966, inagwedeza dziko la Britain pa nkhani ya mabanja osowa pokhala mpaka inakambidwa m'nyumba ya malamulo, koma vutolo silinathe. Phindu limene ine ndimalikhulupirira ndi laling'ono ndipo limachitikira pafupi. Munthu amene wakhala ola limodzi ndi theka akuyang'ana nkhalamba imodzi osathawitsa maso, amatuluka akuzindikira nkhalamba za pa mzere wa nyumba zake. Sembène ankaiona filimu ngati sukulu ya madzulo ya anthu wamba, ndipo mu 1968 anapanga Mandabi m'Chiwolofu kuti anthu akwawo amve okha popanda womasulira. Choncho oonera oyamba asakhale a ku Cannes. Apemphe holo ya tchalitchi kapena kalasi ya sukulu ku Chawama komweko, nsalu yoyera pakhoma, pulojekita yobwereka, jenereta pambali chifukwa cha magetsi athuwa, ndipo filimu ikatha anthu akhale kaye akambirane. Kumeneko ndi kumene adzadziwe ngati wanama penapake, chifukwa amayi a pamsika sadzamunyengerera.

Za kukayamba kukamba ndi agogo, mutsogole ndinu, mlongo wanga, iye akhale pambuyo. Pali zinthu zimene mayi wachikulire sangauze mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wake koma angauze inu. Mupite opanda foni m'manja, mukafotokoze bwinobwino, muwapatse masiku oti aganize. Akakana, nkhani yawo ithere pomwepo ndipo mnyamatayo akasake ina: woyendetsa wilibala, mtsikana wantchito, kapena mnyamata wa giredi 12 wosowa ntchito ngati iye mwini, amene nkhani yake safunika kuipempha kwa wina aliyense.